Mutu 6: Kamoto Akana Jointi Yakutha

1. Galimoto yoyenda ngati yaledzera

Lachinayi m'mawa, galimoto yakale yobiriwira inalowa pagalaja ikuyenda mokhotakhota ngati munthu wochokera kumowa. Inali ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, yaitali msinkhu, yolimba thupi koma yotopa. Isanaime inagunda mgolo wa madzi pachipata.

Kamoto anatuluka pansi pa lole imene ankathira girizi. Anali mtsikana wa zaka 18, ndipo anali atatha chaka chathunthu akuphunzira umakaniko pagalajapo. Dzina lakuti Kamoto anamupatsa ndi anzake akusukulu chifukwa sankachedwa kuyaka.

"Ndani ameneyu akuyendetsa ngati wakhungu?" anakuwa.

Chitseko chinatseguka, ndipo amene anatsika anali mchimwene wake, woyamba kubadwa m'nyumba mwawo. Chiyambireni ntchito pa sukulu ina ya ana aang'ono miyezi itatu yapitayo, aliyense kunyumba ankangomutchula kuti Dalaivala. Ntchito yake inali kukatenga ana okhala kumapiri m'mawa ndi kuwabweza masana. Msewu wa kumeneko nyengo ya mvula sufuna galimoto yamasewera.

"Wakhungu ndi iweyo woika mgolo panjira," anayankha Dalaivala. "Itana abwana ako. Chiwongolero chikungosewera. Ndikakhotera kumanja, galimoto imayamba yaganiza kaye."

A Mmisiri, eni galaja, anatuluka mu ofesi atagwira tsaya. Anali bambo wa imvi mutu wonse, ndipo dzino linali litawasautsa masiku atatu. Anauza Dalaivala kuti akhale pampando azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, ndipo Kamoto anamuuza kuti alowe pansi.

Pansi pa galimotoyo panali ndodo ziwiri zachitsulo zimene zimatenga mphamvu ya chiwongolero kupita nayo kumatayala akutsogolo. Kunsonga iliyonse ya ndodozo kunali jointi, kamutu kachitsulo kozungulira m'chikho chake monga limachitira fupa la m'chiuno. Majointi onse analipo anayi. Kamoto anawagwira ndi dzanja, imodziimodzi.

"Onse atha, abwana," anatero ali pansi pomwepo. "Malabala otchinga fumbi anang'ambika kalekale. Girizi mulibe, mwadzaza mchenga wokhawokha. Iyi ya kuno ndiye ili gwedegwede, yatsala pang'ono kuzuka."

"Zayamba liti zimenezi?" a Mmisiri anafunsa Dalaivala.

"Masabata awiri. Mwina atatu."

"Ukunyamula ana angati?"

"Khumi ndi mmodzi."

A Mmisiri anaiwala za dzino. Anachotsa dzanja patsaya n'kumuloza nalo Dalaivala.

"Mwana wanga, tsegula makutu. Injini ikafa, galimoto imaima, iwe n'kutsika kukankha. Mabuleki akafa, uli ndi giya, uli ndi buleki ya pamanja, uli ndi chulu choti ukagunde. Koma jointi ikazuka ulibe chilichonse. Chiwongolero chimasanduka mbale yopanda kanthu m'manja mwako. Tayala lina limayang'ana kum'mawa, lina kumadzulo, galimoto n'kumapita kumene yafuna yokha. Ine ndili mnyamata ndinakakokapo galimoto m'phompho. Dalaivala wake anali munthu wosamwa, wosathamanga, wopemphera. Chinamupha ndi kachitsulo kochepa ngati dzira la nkhuku, kamene ankati adzasintha mwezi ukatha. Amati tsoka silinunkha, koma jointi imachenjeza. Imalira, imagwedera, imadya matayala mbali imodzi. Iweyo yakuchenjeza masabata atatu, koma umangokweza wailesi. Ana a eni ake khumi ndi mmodzi! Ukanakhala mwana wobala ine, bwenzi lero utalawa lamba ndi ndevu zakozo."

Dalaivala anazolika. Anafotokoza kuti a Madamu, eni sukulu, ankangoti adikire tchuthi, ndipo anavomera dzulo lomweli. Majointi atsopano anagula okha, anali m'katoni pampando wakumbuyo.

"Ine ndikupita kukazulitsa dzino ili lisanandiphe," anatero a Mmisiri. "Kamoto, ntchito iyi ndi yako. Wandiona ndikuigwira kambirimbiri. Onse anayi alowe atsopano, yakale isabwerere ngakhale imodzi. Ndifika 2 koloko isanakwane kuti ndidzaione isanatuluke."

Anakwera njinga yawo yamoto n'kupita.

2. Yachinayi ikana kulowa

Aka kanali koyamba kuti Kamoto asiyiridwe ntchito yaikulu yekha. Anaika zipika kumatayala akumbuyo, anakweza kutsogolo ndi jeke, n'kulowetsa zochirikizira zachitsulo. Kenako anamasula matayala onse awiri akutsogolo.

Jointi iliyonse inali yomangidwa ndi nati, ndipo natiyo inali ndi pini yopyoza pakati kuti isamasuke yokha galimoto ikamagwedezeka. Kamoto anawongola pini yoyamba ndi pulayala n'kuisolola. Nati inali itagwira dzimbiri. Anaithira mafuta, analowetsa paipi yaitali kusipanala, n'kukankha ndi thupi lonse mpaka inalira n'kugonja.

"Fulumirako," anatero Dalaivala, ataima pambali manja m'thumba. "Ana akuweruka 3 koloko."

"Achimwene, mukunditchinga kuwala."

Kuzula jointi m'bowo lake kumafuna luso. Sumenya pamutu pake. Umamenya m'mbali mwa chitsulo chimene yalowamo, mwamphamvu, mpaka italumpha yokha. Kamoto anamenya ndi nyundo kasanu. Kachisanu ndi chimodzi inamveka kuti phwa! Anaipotokola kuichotsa kundodo akuwerenga kuzungulira kwake, kuti yatsopano ikafike pomwe panafika yakale. Yakaleyo anaiponya m'beseni la zitsulo zakutha.

Yachiwiri inavuta kwambiri. Nyundo inaterereka n'kumusupula chala, magazi n'kusakanikirana ndi girizi.

"Ntchito za amuna izi," anatero Dalaivala akuseka.

"Amuna ake ati? Oyenda masabata atatu osadziwa kuti galimoto ikufa?"

Anamanga chalacho ndi kansalu n'kupitiriza. Jointi yatsopano iliyonse ikalowa, nati yake ankangoimanga ndi zala. Kulimbitsa ndi sipanala ndi kulowetsa mapini ankakusungira kumapeto, atayeza kaye ndi tepi kuti matayala ayang'ana kumodzi. Mapini anayi atsopano anawaika m'thumba la ovolosi kuti asasowe m'fumbi.

Pofika 1 koloko majointi atatu anali atalowa. Kamoto anachotsa yakale yachinayi, anatenga yatsopano yomaliza, n'kuyamba kuipotera kundodo. Inakana. Anapukuta, anathira mafuta, anayesanso. Inakanabe. Anaiyandikitsa kumaso, anaiyerekeza ndi yakale, n'kuiponya pansi.

"Mwatigulira chiyani apa?"

"Watani kodi?"

"Ndodo iliyonse imafuna jointi imodzi yomangira kumanja, ina yomangira kumanzere. Timafuna ziwiri ndi ziwiri. M'katoni mwanumu munali zitatu za kumanja, imodzi yokha ya kumanzere. Iyi singalowe apa ngakhale mutaitana njovu."

3. Mkangano

Dalaivala anayang'ana wotchi, kenako anatola jointi yakale yachinayi ija n'kumupatsa mlongo wake.

"Bwezera yomweyi. Atatu atsopano akwanira. Loweruka tidzasintha."

"Sindibwezera."

"Yayenda zaka zonsezi. Ife lero?"

"Mwamva zimene anena a Mmisiri. Ndithamangira kushopu ya masipeya ndikasinthe. Imbirani a Madamu, auze makolo kuti ana achedwa ndi ola limodzi."

Foni ya Dalaivala inalira nthawi yomweyo. Anali a Madamu, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pamene Kamoto anagwada.

"Galimoto yatha?"

"Yatsala pang'ono, Madamu. Pali kavuto kakang'ono ka sipeya. Mwina tingachedwe ndi ola..."

"Ola? Mvula ikubwera, ana ayime pageti ola lathunthu? Ndinakuuza kuti upite kugalaja yeniyeni, iwe n'kukapereka galimoto yanga kwa kamtsikana kakwanu kuti kaphunzirirepo. Ikakwana 3 koloko usanafike, ubweretse makiyi okha. Ofuna ntchito yakoyo ndi ambiri." Anadula.

Dalaivala anabweza foni m'thumba. Anawoloka msewu n'kukalowa mushopu ya utelala mmene amayi awo ankasoka. Patapita mphindi zochepa anabwera nawo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Kamoto, dzuka apo ndikulankhule," anatero amayi. "Iwe ndiwe mwana, zina sukuzidziwa. Mchimwene wakoyu anakhala zaka ziwiri pakhomo, kutha nsapato ndi kufuna ntchito. Ine ndinkamuona akuonda, osagona, kuopa ngakhale kupereka moni kwa apongozi ake. Lero wapeza pogwira, mlamu wako ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu, ndiye iweyo ukhale womuchotsetsa ntchito? Anthu adzati chiyani? Paja unkafuna kuyamba umakaniko, abale onse akukuseka, anakuikira kumbuyo ndani? Si yemweyu? Anakuperekeza yekha kudzakupempherera malo pano. Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola. Abwana ako mawa akhoza kukuthamangitsa, koma uyu adzakhala mchimwene wako mpaka kumanda. Kachitsulo kamodzi kasakulekanitseni. Mvera wamkulu. Bwezera, ayende pang'onopang'ono, Mulungu aliko."

"Amayi, mukanakhala kuti mwa ana aja muli mdzukulu wanu, mukanatero?"

"Usandiyankhe choncho!"

"Ndikufunsa. Mukanamukweza?"

"Taonani mwano wake," anatero Dalaivala. "Chaka chimodzi chogwira sipanala, basi wasanduka injiniya. Patsa kuno, ndibwezera ndekha. Ndakuona mmene ukuchitira, palibe chovuta."

Anatambasula dzanja kuti alande jointi ija. Kamoto anaibweza kumbuyo. Anapita nayo patebulo lachitsulo, anaipana m'chopanira, n'kunyamula nyundo yaikulu. Anamenya pomangira pake kamodzi, kawiri, katatu, mpaka mizere yonse inaphwanyika ndipo chitsulo chinapindika. Anaimasula n'kuiponya pamapazi a mchimwene wake.

"Bwezerani."

Amayi anagwira kukamwa. Wowotcherera zitsulo wa pafupi anazimitsa makina ake n'kusuzumira pampanda.

Dalaivala anayang'ana jointi yopindikayo pansi. "Wandipha, Kamoto. Wandipha ndi manja ako. Kuyambira lero usadzanditchulenso achimwene."

"Chabwino! Ngati nzeru zanu ndi zimenezi, bwererani pakhomo pomwe paja mukadye za amayi. Mwina n'zimene mumatha."

Amayi anatembenuka n'kubwerera kushopu kwawo akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

Kamoto anatola jointi yolakwika ija, anaiika m'katoni, n'kuyamba ulendo. Ali pachipata, Dalaivala anamufunsa mokuwa.

"Nanga atatu enawa watsiriza?"

Kamoto anamva bwinobwino. Anaima pang'ono, koma sanacheuke.

"Dzifunseni nokha. Si ndinu odziwa zonse?"

Anatuluka n'kumenyetsa geti.

4. Pamalo pali mbee

Kushopu ya masipeya kunali mtunda woyenda mphindi makumi awiri. Kamoto anathamanga njira yonse. Atafika anapeza anthu asanu pamzere, ndipo wogulitsa ankacheza pafoni ngati alibe makasitomala.

Nthawi yake itakwana, wogulitsayo anayang'ana katoni n'kupukusa mutu.

"Chotsegula sitibweza, chemwali."

"Mwapereka zolakwika ndinu. Zitatu za kumanja, imodzi ya kumanzere. Galimoto yake iti imayenda choncho?"

"Anagula ndi mayi wina dzulo, osati iwe. Komanso ukudziwapo chiyani za kumanja ndi kumanzere?"

Kamoto anatenga bawuti ina pakauntala, anaiika pambali pa jointi ija, n'kumuonetsa mmene mizere yapendekera. Analankhula mokweza mwakuti mwini shopu anatuluka kuseri. Bamboyo anayang'ana kamodzi kokha, anakalipira wantchito wake, n'kukwera pamakwerero kukafufuza m'mashelefu. Anafufuza nthawi yaitali, koma anaipeza.

Pamene Kamoto ankafika pagalaja, 3 koloko inali itadutsa ndi mphindi zisanu. Geti linali lotsegula. Zochirikizira zinali zitagwa chammbali, jeke ili poteropo, zipika zitakankhidwira kumpanda. Galimoto panalibe.

"Yapita kuti?" anafunsa wowotcherera zitsulo uja.

"Mchimwene wako wapita nayo. Anavundula m'beseni lakolo, anapeza ina yolowa. Pini anapanga ndi msomali, wapempha kwa ine. Ndinamuuza kuti adikire madala abwere, koma anati ndisamale zanga."

Kamoto anathamangira kubeseni. Pa majointi akale, omangira kumanzere analipo awiri. Imodzi anaiphwanya ndi nyundo. Inayo anaiiwala, ndipo inali ija ya gwedegwede, yoipitsitsa pa onse. M'beseni munalibe.

Njinga yamoto inalowa pachipata. A Mmisiri anatsika tsaya litatupa, thonje lili m'kamwa. Kuchipatala kunali mzere wautali. Anayang'ana pamalo popanda galimoto, n'kuyang'ana katoni imene inali m'manja mwa Kamoto.

"Yatuluka ndi chiyani galimoto, ngati jointi ili m'manja mwako?"

Kamoto anafotokoza mwachidule. Ali pakati pofotokoza anapisa dzanja m'thumba kufuna foni, ndipo zala zake zinakhudza tizitsulo tozizira. Anatitulutsa. Mapini anayi atsopano anali gone pachikhatho chake.

A Mmisiri analavula thonje.

"Manati atatu aja unalimbitsa?"

"Ndi zala zokha, abwana."

"Unamuuza?"

Kamoto anafumbata mapini aja.

"Ndikufunsa! Unamuuza?"

"Anandifunsa. Sindinamuuze."

Anaimba foni ya mchimwene wake. Inalira kawiri n'kudulidwa. Anaimbanso, inadulidwanso. A Mmisiri anayesa ndi yawo, koma tsopano inali itazimitsidwa.

"Tenga sipanala ndi pulayala. Kwera!"

5. Pakona yachitatu

Pageti la sukulu mlonda anawauza kuti galimoto yanyamuka mphindi khumi zapitazo, ana onse ali momwemo. A Mmisiri anamuuza kuti adziwitse a Madamu msanga, n'kukhotetsa njinga kulowera msewu wa kumapiri. Mvula inayamba kuwaza.

Phula linatha, unayamba msewu wa miyala. Kumanzere kunali khoma la dothi, kumanja phompho. Anadutsa kona yoyamba. Anadutsa yachiwiri. Asanafike yachitatu anamva kulira kwa ana.

Galimoto inali itabaya mphuno m'khoma la dothi, kumbuyo kutatsekereza msewu. Tayala lina lakutsogolo linayang'ana kukhoma, lina kuphompho. Kuchokera pamene linaima tayala lakumbuyo kufika m'mphepete mwa phompho panali mapazi atatu okha.

Kamoto analumpha njinga isanaime. Ana anali ataunjikana pansi pa mtengo, amayi awiri odutsa ndi nkhuni akuwatonthoza. Anawawerenga ndi chala. Khumi ndi mmodzi. Kamtsikana kena kanali katang'ambika pamphumi, magazi akutsikira payunifolomu, ndipo kankaitana amayi ake osalekeza. Ena anali ndi zotupa ndi mantha basi.

Dalaivala anali atakhala pamwala, atafungatira mkono wamanja umene unapindika pamalo posapindika. Nkhope yake inali yotuwa.

"Chiwongolero chinangozungulira chokha," ankangobwereza. "Ndinali pa giya yachiwiri. Chinangozungulira chokha."

A Mmisiri anamanga bala la mwana uja ndi mpango wawo, anaimbira ambulansi, kenako anagona m'matope n'kulowa pansi pa galimoto. Atatuluka anaitana Kamoto ndi Dalaivala pambali, kutali ndi ana.

"Yazuka ndi yakale ija," anatero. "Yako, Dalaivala. Yatuluka m'chikho chake ngati dzino langa lija. Koma iwe Kamoto usapume. Lowa ukaone."

Kamoto analowa. Jointi yakale inali lende, ndodo yake itakhudza pansi. Anagwira nati ya jointi yatsopano yoyandikana nayo. Inazungulira kawiri kokha n'kugwera m'dzanja lake.

Anatuluka ali nayo m'manja.

"Waona?" anatero a Mmisiri. "Ikanapirira yakaleyo, yakoyo ikanagwa pakona yachinayi, ndipo kumeneko kulibe khoma. Tsono mverani nonse awiri, chifukwa sindidzabwereza. Iwe Dalaivala, unaopa kutaya ntchito kuposa kutaya ana. Ntchito imapezeka ina, mwana sapezeka wina. Fulumira adadya gaga, ndipo lero wadya. Koma iwe Kamoto ndiye wandipweteka kwambiri, chifukwa ndinakuphunzitsa ndekha. Kukana unakana bwino. Pamenepo ndikanakunyamula paphewa. Amayi ako anakukakamiza, a Madamu anakunyoza, sunagonje. Koma unasiya kumenyera ana, unayamba kumenyera kupambana mkangano. Munthu wakufunsa kuti watsiriza, iwe n'kumuyankha mwano? Mawu atatu okha, akuti manati ndi osalimbitsa, anakulemera? Makaniko akachoka pa galimoto yosatha amanena, amalemba pagalasi, amatenga makiyi. Amauza ngakhale mdani wake. Mkwiyo uli ngati moto wa wowotcherera uja. Ukaulozetsa pamalo pake umalumikiza zitsulo, ukautaya paliponse umatentha galaja. Kukhala wolondola sikukupatsa chilolezo chotseka pakamwa. Madzi akatayika sawoleka. Lero Mulungu watiwolera, koma sachita kawiri."

Misozi ya Kamoto inasakanikirana ndi mvula. Anavula lamba wa ovolosi yake, anagwada, n'kuyamba kumangirira mkono wa mchimwene wake pachifuwa. Ankamanga mwaukali, osamuyang'ana kumaso.

"Mukanayankha foni," anatero mano ali gwa.

"Ukanandiyankha pageti," anatero Dalaivala.



Ambulansi inafika limodzi ndi galimoto ya apolisi. M'galimoto ya apolisiyo munatsika a Madamu, nsapato zawo zikumira m'matope. Sanapite kwa ana. Analunjika kwa Kamoto.

"Ndi ameneyu, bwana! Kamtsikana aka ndi kamene kanagwira galimoto yanga. Ine ndinagula zitsulo zatsopano zinayi, umboni ulipo. Dalaivala wanga miyezi itatu sanagundepo ngakhale nkhuku. Mumange kameneka pamodzi ndi abwana ake!"

"Mayi, yambani mwaona mwana wavulalayo," anatero a Mmisiri. "Zokalipa tikalipirana bwino, ndipo ine ndili nazo zambiri zoti ndikuuzeni."

Wapolisi anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anali bambo wamtali, wosapupuluma. Anazungulira galimoto, anasuzumira pansi, anayang'ana phompho, n'kutulutsa kabuku m'thumba.

"Aliyense alankhula nthawi yake," anatero. "Pano pali mlandu, chifukwa pavulala mwana. Wina anaika chitsulo chakutha pa galimoto yonyamula ana, ndipo ndikufuna dzina lake. Ngati ndi makaniko, galaja itsekedwa. Ngati ndi dalaivala, laisensi yake ithera pano."

Anthu a ambulansi anali atamugwira kale Dalaivala kuti amukweze. Iye anaima pakhomo la ambulansi n'kucheuka. Anayang'ana mlongo wake.

"Tiyambe ndi iwe wa ovolosi," anatero wapolisi, akutsegula tsamba latsopano. "Jointi yakale ija anaibwezera ndani?"

Kamoto anayang'ana a Mmisiri. Iwo anapinda manja pachifuwa, osamuthandiza ngakhale ndi diso. Nati ija anali ataifumbatanso m'dzanja lake, ndipo cholembera cha wapolisi chinali chitagunda kale papepala.